CHALA CHOTUPA NDI NKHANI YA IMPSO

Pali nthenda imodzi imene imatchulidwa kawirikawiri m'maofesi a Boma ndi m'zipinda zopumuliramo aphunzitsi mu mzinda wa Blantyre, ndipo ambiri amaitchula mosekerera ngati kuti ndi chizindikiro cha ulemu. Dzina lake ndi gauti. Munthu amagona bwinobwino madzulo, koma pakati pa usiku amadzidzimuka ndi ululu woopsa pa chala chachikulu cha kuphazi, chalacho chitatupa ndi kutentha, kotero kuti ngakhale chofunda chikachikhudza iye amabuula. M'mawa nsapato imakana kulowa. Kalaliki amatsika minibasi ya ku Chilomoni atavala nsapato phazi limodzi, patapata phazi linalo, ndipo anzake amamulandira ndi nthabwala yakuti tsopano walowa m'gulu la mabwana.

Nthabwala imeneyi ilibe mlandu, koma yaphimba chinthu chimene chikadayenera kunenedwa poyera. Gauti imaonekera kuphazi, koma kawirikawiri gwero lake lili kumsana, m'munsi mwa nthiti, kumene kuli impso. Ndipo njira imene anthu ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa amatsata pofuna kuziziritsa chalacho, ndiyo yogula mibulu ya mankhwala pa okala ndi kumeza popanda muyeso, ingathe kuvulaza impso zomwezo koposa nthendayo. Chotero munthu amene chala chamutupira asafunse za chala chokha ayi. Afunse ngati impso zake zili bwino.

Chimene chimatupitsa chalacho madokotala amachitcha yuriki asidi. Si chinthu chachilendo m'thupi, pakuti munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, ali nacho m'magazi mwake. Maselo a thupi amafa ndi kulowedwa m'malo ndi atsopano tsiku ndi tsiku, ndipo pophwanyikapo amasiya zinthu zotchedwa purine, zimene chiwindi chimazisandutsa yuriki asidi. Purine wina amachokera m'zakudya, makamaka nyama ndi nsomba. Mbuzi ndi ng'ombe zili ndi mphamvu m'thupi mwake yophwanya asidi ameneyu kuti atuluke mosavuta, koma munthu alibe mphamvu yotero. Iye amadalira impso, zimene zimataya magawo awiri mwa magawo atatu a asidiyu kudzera mu mkodzo, pamene gawo lotsalalo limatulukira m'matumbo.

Ntchito ya impso ndi yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Impso iliyonse ili ndi tisefa pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ziwirizo pamodzi zimasefa madzi okwana malita 180 pa tsiku, n'kubwezera pafupifupi onsewo m'magazi, kusiyako lita imodzi ndi theka kapena malita awiri, amene ndiwo mkodzo. Tisefa timeneti tikayamba kufooka, asidi amatsalira m'magazi. Aliyense amene anathirapo shuga wambiri mu tiyi wozizira akudziwa chimene chimachitika: madzi amalandira mpaka pamene angathe, wotsalayo amakhala pansi pa kapu. Magazi nawonso amasungunula yuriki asidi mpaka pa muyeso wa 6.8 mg/dL; kupyola pamenepo asidiyo amayamba kuuma ndi kusanduka tisingano tosaoneka ndi maso. Timaumira msanga pamalo ozizira, ndipo n'chifukwa chake chala cha kuphazi, chimene chili kutali ndi mtima, ndicho chimayamba kulira, ndiponso n'chifukwa chake chimalira usiku. Pa pepala la ku labotale, muyeso woposa 7 kwa mwamuna kapena 6 kwa mkazi umawerengedwa kuti ndi wokwera. Malabotale ena amalemba miyeso yomweyo m'njira ina, 420 ndi 360.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden ndiye anatulukira asidiyu m'chaka cha 1776, ndipo sanamupeze m'phazi ayi, anamupeza mu mwala wochokera m'chikhodzodzo. Panapita zaka zoposa 70 kufikira 1848, pamene dokotala wa ku London, Alfred Baring Garrod, anasonyeza kuti magazi a odwala gauti ali ndi asidi yemweyo wochuluka. Tsono asidiyu anadziwika poyamba monga nkhani ya mkodzo, ndipo chala chinabwera pambuyo. Madokotala a nthawi ya atsamunda ankaphunzitsa kuti gauti ndi yosowa pakati pa anthu akuda. Kapena inalidi yosowa m'midzi, kapena ambiri oidwala sankafika ku chipatala, amangoti ndi nyamakazi. Koma lero m'matauni a mu Africa palibenso dokotala amene angadabwe nayo.

MIYALA NDI MADZI AKUMWA

Chiopsezo chimene palibe dokotala amachikayika ndicho cha miyala. Asidi amene impso zikutaya amadutsa m'tinjira topapatiza, ndipo mkodzo ukakhala wochepa ndi wowawasa, tisingano tija timaumira mu impso momwemo, n'kugwirana kufikira kusanduka mwala. M'maiko amene anawerengetsera, pafupifupi mwala umodzi mwa miyala 10 ya mu impso ndi wa yuriki asidi, ndipo umapezeka kwambiri mwa anthu a shuga ndi onenepa, pakuti mkodzo wao umakhala wowawasa koposa wa ena. Mwala ukayamba kutsika, ululu wake umayambira m'nthiti kumsana ndi kutsikira ku chinena, umabwera ndi kupita ngati wa mayi pa nthawi yobereka, ndipo nthawi zina mkodzo umatuluka ndi magazi. Apa pali msampha, pakuti m'dziko muno magazi mu mkodzo amaganiziridwa msanga kuti ndi likodzo; munthu amamwa mankhwala a likodzo, mwala uli chikhalire. Mwala ukatseka njira, mkodzo umabwerera m'mbuyo, impso imatupa, ndipo tizilombo tikalowamo munthu angathe kutaya impsoyo kapena moyo umene. Mwala wa mtundu umenewu suoneka pa X-ray wamba, koma makina ounikira m'mimba, onga aja amaunikira amayi oyembekezera, amathandiza kuupeza. Ubwino wake ndi wakuti, mosiyana ndi miyala ina, uwu umatha kusungunuka ndi mankhwala ochepetsa kuwawasa kwa mkodzo. Komatu zimenezi n'zoyeza dokotala. Munthu asathamangire soda wophikira therere, pakuti sodayo amakweza kuthamanga kwa magazi.

Chotchinga choyamba cha miyala ndi madzi akumwa, ndipo pano aphunzitsi ali ndi mlandu umene ayenera kuuvomera. Mphunzitsi wa ku Ndirande kapena ku Machinjiri amaima kutsogolo kwa ana ambirimbiri kuyambira m'mawa kufikira masana, akuyankhula mokweza, thukuta lili kamukamu m'mwezi wa Okutobala, ndipo amadziletsa dala kumwa madzi poopa kusiya kalasi, kapena poopa chimbudzi chimene akudziwa mmene chiliri. Kalaliki wa pa kauntala amachitanso chimodzimodzi, mzere wa anthu uli pakhomo. Madzi a mu mzinda uno ambiri amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo m'makomboni muli masiku amene mpopi umauma. Palibe amene akutsutsa zimenezo. Koma botolo la malita awiri lonyamula kuchokera kunyumba silifuna chilolezo cha Unduna. Muyeso wake ndi wosavuta: mkodzo ukhale woyera ngati madzi, osati wofiira ngati tiyi. Okhawo amene impso kapena mtima zinafooka kale, miyendo n'kumatupa, ndiwo ayenera kutsata mlingo wa madzi umene dokotala wawapatsa.

Chiopsezo china ndi chadzidzidzi, ndipo sichikhudza akalaliki ambiri, koma madokotala a ana ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anthu amati ku Gulupu, akuchidziwa bwino. Chipatalachi chinatsegulidwa mu 1958, chaka chomwecho chimene Denis Burkitt analongosola ku Uganda khansa yotupitsa nsagwada ndi mimba za ana imene lero ili ndi dzina lake, ndipo Pulofesa Elizabeth Molyneux anathera zaka zambiri akuchiza ana otere pa Gulupu pomwepa. Chotupa chimenechi chimasungunuka msanga ndi mankhwala, ndipo maselo ambirimbiri akafa nthawi imodzi, asidi amasefukira ndi kutseka tinjira ta impso m'masiku owerengeka. N'chifukwa chake mwana wotere amapatsidwa madzi ambiri ndi mankhwala a allopurinol pamene akuyamba mankhwala a khansa.

MESENJALA NDI SAMANI

Tsono funso lalikulu ndi ili: kodi asidi wokwera pang'ono, amene wakhala m'magazi zaka zambiri popanda mwala, amadya impso pang'onopang'ono? Kwa nthawi yaitali madokotala ambiri ankakhulupirira choncho, pakuti kulikonse kumene anayang'ana anapeza kuti anthu a asidi wokwera ndiwonso amadwala impso. Koma kupezeka pamodzi si umboni wakuti wina ndiye wapalamula. M'chaka cha 2020 panatuluka zotsatira za kafukufuku muwiri wamkulu. Woyamba, wotchedwa CKD-FIX, anachitikira ku Australia ndi New Zealand pa anthu oposa 300 a impso zofooka, kwa zaka ziwiri. Wachiwiri, wotchedwa PERL, anachitikira ku America, Canada ndi Denmark pa anthu 530 a matenda a shuga, kwa zaka zitatu. Ena anapatsidwa allopurinol, ena mibulu yopanda mankhwala. Asidi anatsikadi mwa amene anamwa allopurinol, koma impso zao zinapitiriza kufooka pa liwiro lomwelo ngati za anzao.

Tanthauzo lake n'lofunika kulimvetsa, pakuti ena adzathamangira kunena kuti asidi alibe kanthu. Akuluakulu akukumbukira mesenjala wa kwa DC amene ankafika m'mudzi ndi samani m'manja. Kumuthamangitsa mesenjala sikunali kufafaniza mlandu. Mlandu unali ku Boma, ndipo tsiku lake linkafika ndithu. Mwa anthu ambiri yuriki asidi ndi mesenjala wotero. Pafupifupi anthu 9 mwa 10 a asidi wokwera sikuti thupi lao likupanga wambiri, koma kuti impso zao sizikutaya mokwanira, ena chifukwa cha chibadwa cha ku mtundu, ena chifukwa impsozo zayamba kale kuonongeka. Ndipo chimene chimaononga impso za anthu ambiri ndicho kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi World Health Organization mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa. Impso sizilira msanga. Munthu angathe kutaya theka la mphamvu yake yosefa akuyenda ndi kugwira ntchito bwinobwino, ndipo pamene nkhope iyamba kutupa m'mawa, chakudya n'kumanyansa, nthawi imakhala itatha. Kwa bambo wa zaka 45 amene sanayezetsepo magazi chibadwire, chala chotupa chingakhale samani yokhayo imene impso zake zidzatumize nthawi ikadalipo.

Palinso mankhwala ena abwino amene amakweza asidi. Hydrochlorothiazide, amene ambiri amangoti HCT ndipo amaperekedwa kwambiri m'zipatala muno kwa a BP, ndi amodzi mwa iwo. Pyrazinamide, amene ali m'gulu la mankhwala a TB a miyezi iwiri yoyamba, amachitanso chimodzimodzi, kotero kuti ena amamva kuwawa m'mfundo atangoyamba kulandira chithandizo. Wodwala asasiye yekha mankhwala amenewa. Kusiya mankhwala a TB chifukwa cha bondo ndi kugula imfa pa mtengo wa bondo, ndipo kusiya a BP ndiko kupereka impso zomwezo m'manja mwa mdani wake weniweni. Chofunika ndi kubwerera kwa dokotala ndi kumuuza, pakuti pa BP alipo mankhwala ena, monga amlodipine, amene sakweza asidi.

Koma choipitsitsa pa nkhani yonseyi chimachitikira pa okala. Chala chikatupa usiku, mwana amatumidwa m'mamawa kukagula Indocid, Brufen kapena diclofenac, ndipo bambo amameza mibulu iwiri, masana iwiri ina, mwina n'kusakaniza mitundu iwiri kuti zigwire msanga. Mankhwalawa amathetsadi ululu, ndipo madokotala nawonso amawalemba kwa masiku ochepa kwa munthu wa impso zabwino. Koma kagwiridwe kake ka ntchito kamachepetsa magazi opita ku tisefa ta impso. Munthu wa impso zolimba amapirira. Amene impso zake zinafooka kale osadziwa, amene sanamwe madzi, amene anagona ataledzera, kapena amene akumwa HCT pamodzi ndi enalapril, angathe kuimitsa impso zake m'sabata imodzi. Ndipo popeza gauti imabwerera, poyamba kamodzi pa chaka, kenaka miyezi ingapo iliyonse, munthu amazolowera kusunga mibuluyo m'thumba la jekete ngati maswiti. Wogulitsa pa okala sangamufunse za BP, ndipo si ntchito yake. Safunsa anadya phula. Chimodzimodzinso mabotolo aja olengezedwa kuti amatsuka impso: palibe amene akudziwa zili m'katimo, ndipo ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 amayi ambiri anataya impso zao chifukwa cha mankhwala a zitsamba ochepetsa thupi. Impso sizifuna wozitsuka, ndizo zimatsuka thupi.

Za chakudya zanenedwa kwambiri, mwina kupyola muyeso. N'zoona kuti chiwindi, impso, nthumbwana ndi zam'kati zonse zili ndi purine wambiri, ndipo n'zoona kuti mowa, makamaka wa m'botolo ndi wa masese, umachita zoipa ziwiri pamodzi, pakuti umabweretsa purine wa m'chotupitsa chake ndiponso umaletsa impso kutaya asidi. Kachasu naye sachita chifundo. Si mwangozi kuti zala zambiri zimatupa Lolemba lotsatira malipiro, pambuyo pa kanyenya ndi mabotolo a Loweruka. Zakumwa zotsekemera ndi masupuni anayi a shuga mu tiyi zimakwezanso asidi, chinthu chimene anthu opemphera osamwa mowa ayenera kuchimva. Koma pali chiphunzitso china chofala chimene chiyenera kukanidwa, chakuti wodwala gauti asiye nyemba, nandolo ndi khobwe. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2004, atatsata amuna oposa 47,000 kwa zaka 12, anapeza kuti nyama ndi nsomba zimaonjezera ngozi ya gauti, mkaka umaichepetsa, ndipo purine wa m'nyemba ndi ndiwo zamasamba saonjezera kanthu. Usipa ndi matemba, pokhala nsomba zodyedwa zathunthu ndi zam'kati zomwe, wodwala gauti achepetseko. Koma kuletsa banja lonse la mphunzitsi usipa ndi nyemba ndi kulisiya ndi nsima yokhayokha. Ndiponso kusala zakudya kokha kumatsitsa asidi pang'ono chabe, kotero kuti munthu amene gauti yamugwira kawiri kapena katatu pa chaka afunika mankhwala.

Mankhwalawo alipo, ndipo si a mtengo wapatali. Allopurinol anapangidwa ndi Gertrude Elion ndi George Hitchings, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1988, ndipo akhala akugwiritsidwa ntchito pa gauti kuyambira m'ma 1960. Zotsatira za 2020 zija sizikutanthauza kuti ndi opanda pake. Zinangosonyeza kuti sayenera kumwedwa ndi munthu wopanda gauti kapena mwala poyembekeza kuteteza impso. Kwa wodwala gauti weniweni, amatsitsa asidi kufika pansi pa 6, tisingano tija timasungunuka pang'onopang'ono, chala chimaleka kutupa, ndipo munthu amaleka kudalira mibulu ya pa okala, chimene mwa icho chokha n'chipulumutso kwa impso. Koma ali ndi malamulo ake. Amamwedwa tsiku ndi tsiku, osati pa nthawi ya ululu yokha. Amayambidwa pa mlingo wochepa, makamaka kwa a impso zofooka, n'kumakwezedwa ndi dokotala. Miyezi yoyamba chala chingathe kutupanso, ndipo ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti mankhwala awapusitsa. Ndipo khungu likatuluka zidzolo kapena m'kamwa mukachita zilonda, munthu aleke kumwa tsiku lomwelo ndi kupita ku chipatala.

Boma lachita mbali yaikulu pa matenda a impso, ndipo liyenera kuyamikidwa. Makina osefa magazi a dialysis, amene kale anali ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kokha, anafika ku Gulupu mu 2011, ndipo m'zipatala za Boma chithandizochi chimaperekedwa mwaulere, chinthu chimene maiko ambiri a mu Africa sachita. Koma amene anamuonapo munthu wa pa makina amenewa akudziwa kuti si moyo woulakalaka. Wodwala amagona pa makina maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, kwa moyo wake wonse, pokhapokha atapeza mwayi woikidwa impso ina kunja kwa dziko. Mipando ndi yochepa kuposa oifuna. Mphunzitsi wotere sangathenso kusunga kalasi, ndipo Boma limakhala litataya munthu amene linamuphunzitsa ndi ndalama zambiri, kuonjezera pa mtengo wa makinawo.

Chotero tsamba lino likuona kuti ndalama yochepa yoikidwa ku zipatala zazing'ono za Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu ingapulumutse ndalama yambiri ku Gulupu. Munthu aliyense wofika ndi mfundo yotupa ayezedwe BP ndi shuga tsiku lomwelo, mkodzo wake uyezedwe ndi kapepala kaja koviika kuti aone ngati muli puloteni, ndipo magazi ake atumizidwe kukayezedwa creatinine, amene ndiye amasonyeza mmene impso zikusefera, asanapatsidwe mibulu yoletsa ululu ya masiku ambiri. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lili ndi mphamvu pa kagulitsidwe ka mankhwala, liyenera kufika m'misika ndi m'maokala a m'makomboni, kumene mibulu imagulitsidwa iwiriiwiri yopanda pepala lake. Sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences ili pafupi ndi Gulupu pomwepo, ndipo ingathandize kuwerengetsa kuti mwa odwala gauti a mu mzinda uno ndi angati amene impso zao zinafooka kale.

Kwa akulu a masukulu ndi akulu a maofesi, mbali yao ndi yaing'ono koma ili m'manja mwao lero. Wantchito akabwera akutsimphina, apatsidwe tsiku lopita ku chipatala m'malo momuseka, ndipo akabwerako afunsidwe ngati anayezedwa magazi. Amuna ambiri amachita manyazi kukaima pa mzere wa ku chipatala chifukwa cha chala, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wodwalayo popita anyamule buku lake la kuchipatala pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene wakhala akumwa, a pa okala ndi a zitsamba omwe, awaike pa tebulo la dokotala, ndipo apemphe kuti nambala ya creatinine ilembedwe m'bukumo ndi tsiku lake, kuti chaka chamawa adzaiyerekeze ndi yatsopano.